BRANCH RICKEY NDI NAZALE YA OSEWERA (1881–1965)

Munthu woyenda pa mseu waukuru wocokera ku Lusaka kumka ku Chipata, akaoloka mlatho wa Luangwa nafika ku Nyimba kapena ku Petauke tsiku Loweruka madzulo, sacedwa kumva mfuu ya anthu pa bwalo la mpira. Bwalolo ndi lafumbi, koma oonerera amadziwa wosewera ali yense pamodzi ndi atate ace ndi mudzi wace. Ndipo pakati pa anyamatawo pakaoneka mmodzi wa luso loposa anzace, iyeyo sakhalitsa. Matimu a cuma a ku Lusaka ndi a ku Migodi amamva mbiri yace, namtenga. Otsala amakondwa kuti mwana wao wakwera, koma amadandaulanso poona kuti timu yao yafooka, pakuti wolera ndi wina, wokolola ndi wina.

Nkhani yotereyi inayamba kubvuta anthu a ku America zaka zoposa 100 zapitazo, pa masewera ao ochedwa baseball. Ndipo munthu amene anaikonza mwa njira imene ikali kutsatidwa lero lino ndiye Wesley Branch Rickey. Iye anapulumutsa matimu ambiri a m'midzi yaing'ono pa nthawi ya usiwa, koma powapulumutsa anawamanga cingwe cimene nsonga yace inatsala m'manja mwa eni cuma a m'mizinda. Zabwino zimene anacita ndi mabvuto amene anasiya zinatuluka m'nzeru imodzi yomweyo.

Baseball ndi masewera a magulu awiri, gulu liri lonse la anthu 9. Wina aponya mpira waung'ono wolimba, wa gulu linalo aumenya ndi ndodo, nathamanga kuzungulira malo anai oikidwa pa bwalo. Akafika pamene anayambira osagwidwa, gulu lace lapata cigoli. M'masiku a unyamata wa Rickey maligi akuru anali awiri, National League ndi American League, a matimu 16 onse pamodzi, okhala m'mizinda ya kum'mawa ndi ya pakati pa dzikolo. Pansi pao panali maligi ang'ono ambiri, amene anapangana m'caka ca 1901 kukhala m'bungwe limodzi, nagawidwa m'magulu monga mwa kukula kwa midzi yao, kuyambira pamwamba kufikira gulu lotsiriza la D. Timu ya m'mudzi waung'ono inali ya anthu a pomwepo. Ndalama zace zinkacokera kwa olipira pa khomo, ndiponso pogulitsa wosewera wace wopambana kwa timu yaikuru imene yachula mtengo woposa ina yonse.

Ubwana wace

Rickey anabadwa pa 20 December 1881 pafupi ndi Stockdale, kumwera kwa cigawo ca Ohio. Atate ace, Jacob Frank Rickey, anali mlimi wosauka. Amai ace anali Emily. Onse awiri anali a mpingo wa Methodist, olimbika pa mapemphero ndi pa kusunga Sabata, cifukwa cace mwanayo anamucha Wesley pokumbukira John Wesley. Asanafike zaka 20 anayamba kuphunzitsa pa sukulu ya kumudzi kuti asonkhanitse ndalama zopitira ku koleji, ndipo analowa pa Ohio Wesleyan University. Popeza ndalamazo sizinakwanire, anasewera masewera a malipiro. Potero malamulo anamletsa kusewereranso timu ya koleji, ndipo akuru a pamenepo anamuika akhale mphunzitsi wa timuyo akali wophunzira.

M'nthawi imeneyo munacitika cinthu cimene sanaciiwale moyo wace wonse. M'timu yace munali mnyamata mmodzi wakuda, dzina lace Charles Thomas. Atafika pa hotela ina ku South Bend, m'cigawo ca Indiana, eni hotelayo analandira Azungu onse, koma Thomas anamkaniza malo cifukwa ca khungu lace. Rickey anakangana nao kufikira analola kuti kama wina aikidwe m'cipinda cace. Polowa m'cipindamo anampeza mnzaceyo alikulira, alikupukuta manja ace ngati munthu wofuna kufafaniza kuda kwao. Thomas pambuyo pace anakhala dokotala wa mano, koma Rickey anapitiriza kusimba za misozi ya usiku umenewo kufikira ukalamba wace.

Pofuna kulowa nchito ya masewera, analonjeza amai ace kuti sadzaponda pa bwalo tsiku la Sabata. Lonjezolo linamtayitsa nchito yace yoyamba m'ligi yaikuru, pakuti a Cincinnati Reds anamcotsa m'caka ca 1904 atamva kuti sadzasewera Lamulungu. Anasewerera St. Louis Browns m'zaka za 1905 ndi 1906, ndi New York Highlanders m'caka ca 1907. Malo ace anali kumbuyo kwa womenya mpira, kumene munthu ayenera kukhala wa dzanja lamphamvu loponyera anzace kuti agwire othamanga. Koma dzanja lace linali litabvulala, ndipo tsiku lina la June 1907 osewera a Washington anamthawa kokwana 13 pa masewera amodzi. Pamenepo anazindikira kuti mphatso yace siinali m'dzanja.

Anakwatira Jane Moulton m'caka ca 1906, ndipo anabala naye ana 6. M'caka ca 1909 anagwidwa ndi cifuwa cacikuru, nakagonekedwa ku Saranac Lake, m'mapiri a New York. Atacira anaphunzira malamulo pa University of Michigan, natsiriza m'caka ca 1911, alikuphunzitsanso timu ya pamenepo. Anayesa nchito ya uloya ku Boise, m'cigawo ca Idaho, koma anthu odza ndi milandu anali owerengeka, kotero kuti anabwerera ku masewera. Anatsogolera St. Louis Browns kuyambira 1913 kufikira 1915, ndipo m'caka ca 1917 anasamukira ku timu ina ya mzinda womwewo, St. Louis Cardinals. Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse anatumikira ku France m'caka ca 1918.

Nzeru yobadwa m'umphawi

Pobwera ku nkhondo anapeza Cardinals iri timu yosauka, yolemedwa ndi ngongole. Rickey anali ndi diso lozindikira luso mwa mnyamata amene ena sanamuyese kanthu, koma disolo silinamthandize pa msika. Eni matimu ang'ono atadziwa kuti Rickey wakonda wosewera wao, ankatumiza mau kwa matimu olemera monga New York Giants, ndipo olemerawo ankamgula pa mtengo umene Cardinals siikanatha. Pokonzekera caka ca 1920 anagula woponya mpira Jesse Haines kwa timu ya Kansas City pa madola 10,000, ndalama zimene anacita kukongola. Zitatero anatsimikiza mtima kuti wosauka sangapikisane ndi wolemera pogula zokolola. Cimene angathe ndico kudzilimira yekha.

Mlimi wa fodya wa ku Petauke adziwa bwino cimene Rickey anacita. Mlimiyo safesa mbeu m'munda waukuru, koma ayamba wakonza nazale pafupi ndi madzi, nafesamo mbeu zambiri zoposa zimene munda udzafuna. Zikamera asankha mbande zolimba, naziokera, ndipo zofooka zitsala pomwepo. Comweco Rickey, mothandizidwa ndi Sam Breadon mwini Cardinals, anayamba kugula magawo m'matimu ang'ono, monga a ku Fort Smith, a ku Houston ndi a ku Syracuse, imene inasamutsidwira ku Rochester m'caka ca 1928. Matimu ena sanawagule, koma anapangana nao kuti adzawapatsa osewera ndi ndalama, iwo nalola kuti Cardinals idzatenge ali yense imene imfuna. Anatumiza anthu m'midzi ndi m'minda kukaitana anyamata mazana mazana ku masiku oyesedwa, nalemba ambiri pa malipiro ocepa, pokhulupirira kuti m'unyinji simungalephere kutuluka owerengeka opambana. Anthu a kumeneko anawacha makonzedwe amenewa famu. Pofika 1940 matimu oposa 30 anali pansi pa Cardinals, ndi osewera oposa 600.

Zipatso sizinacedwe. M'caka ca 1925 Breadon anamcotsa Rickey pa utsogoleri wa pa bwalo, namsiya m'ofesi. Cinthuco cinamuwawa, koma m'ofesimo ndimo munali mphamvu yace. Timu imene inali yosekedwa inapambana National League m'zaka za 1926, 1928, 1930, 1931, 1934 ndi 1942, ndipo kanai mwa zaka zimenezi, 1926, 1931, 1934 ndi 1942, inagonjetsanso opambana a American League pa mpikisano wotsiriza wochedwa World Series. Osewera ochuka monga Dizzy Dean, Joe Medwick ndi Enos Slaughter anatuluka m'nazale imeneyi.

Ulendo wa Stan Musial uonetsa bwino m'mene makwererowo anali kuyendera. Iye anayamba m'caka ca 1938 ku Williamson, mudzi wa migodi ya malasha ku West Virginia, monga woponya mpira. Atabvulala phewa ku Daytona Beach m'caka ca 1940, akuru a nazale sanamtaye, koma anamsandutsa womenya. M'caka cimodzi ca 1941 anayambira ku Springfield, nakwezedwa kumka ku Rochester, ndipo pofika September anali ku St. Louis, kumene anakhala mmodzi wa osewera opambana m'mbiri yonse ya baseball. Kwa Musial makwererowo anali dalitso. Koma anthu a ku Springfield, amene anali kulipira pa khomo kudzamuona, anadzuka tsiku lina pakati pa nyengo ya masewera napeza kuti wapita, ndipo panalibe amene anawafunsa.

Mkangano ndi woweruza

Wotsutsana naye wamkuru anali Kenesaw Mountain Landis, woweruza milandu amene eni matimu anamsankha m'caka ca 1920 kuti ayang'anire baseball yense. Landis anali kuona zoipa ziwiri. Coyamba, timu ya m'mudzi iyenera kusewera kuti ipambane cifukwa ca anthu ace; koma timu ya m'nazale isewera kuti ikonzere mzinda wakutali anyamata, ndipo kupambana kwace sikukhalanso cinthu coyamba. Caciwiri, wosewera wolembedwa analibe ufulu wocoka. Cifukwa cace mnyamata woyenera ligi yaikuru akanatha kusungidwa pansi zaka zambiri, popeza malo ace pamwamba anali ndi mwini, ndipo timu ina siikanamtenga popanda kumgula. Onyoza ankafanizira nazaleyo ndi gulu la akaidi omangidwa pa unyolo umodzi. M'mwezi wa March 1938 Landis anapeza kuti Cardinals inali kulamulira mobisa matimu opikisana m'ligi imodzi, ndipo anamasula osewera oposa 70. Mmodzi wa iwo, Pete Reiser, anakhala womenya wopambana onse mu National League m'caka ca 1941, alikusewerera Brooklyn.

Rickey nayenso anali ndi poimira. Pa zaka za usiwa waukuru umene unagwa pa America kuyambira 1929, anthu analibe ndalama zolipira pa khomo, ndipo maligi ang'ono anafa motsatana kufikira anatsala 14 okha m'caka ca 1933. Matimu ambiri amene anapulumuka, ndi ena amene anauka pambuyo pace, anakhala ndi moyo cifukwa timu yaikuru inali kulipira osewera ao. Iye anali kunena kuti popanda nazale midzi yambiri siikadakhala ndi timu konse, ndipo pa ici sananame. Matimu ena akuru, ngakhale New York Yankees yolemerayo, anatsata njira yomweyo.

Komabe pali cina cimene wolemba mbiri yace sayenera kubisa. Osewera otsala m'nazale, amene Cardinals siinawafune, anali kugulitsidwa kwa matimu ena, ndipo Rickey mwini ankalandira gawo limodzi mwa magawo 10 a ndalamazo. Anali munthu wa mau okoma ndi ambiri, wodziwa Malembo, wosamwa mowa; koma osewera ace anamdziwanso monga munthu wouma manja pa tsiku lopangana malipiro. Ndipo ngakhale iye sanali kupita ku bwalo pa Sabata, matimu ace anali kusewera tsikulo, ndi ndalama zace zinali kulowa m'thumba lomwelo. Adani ace sanaleke kumkumbutsa zimenezi.

Khomo lotsegukira anthu akuda

Kumapeto kwa 1942 anasiyana ndi Breadon, nakatsogolera Brooklyn Dodgers ku New York. Kumeneko anamanganso nazale yaikuru, ndipo anaigwiritsa nchito imene dzina lace likumbukidwa nayo koposa zonse. Kwa zaka zoposa 50 munthu wakuda sanaloledwe m'maligi akuru. Panalibe lamulo lolembedwa, koma eni matimu anamvana cotero. Anthu akuda anali ndi maligi ao ao. Rickey anatumiza anthu ace kukayang'ana m'maligiwo mwakacetecete, ndipo anasankha Jackie Robinson wa timu ya Kansas City Monarchs, munthu wophunzira, amene anali ofisala m'gulu la nkhondo, wa mpingo wa Methodist monga iye mwini.

Anakomana pa 28 August 1945 m'ofesi ya ku Brooklyn. Kwa maora angapo Rickey anadzisandutsa mwini hotela wamwano, wosewera wotukwana ndi woonerera wacipongwe, kuti aone ngati mnyamatayo adzapirira. Anamwerengera mau a m'buku lina la moyo wa Kristu onena za kusabwezera coipa, nampempha alonjeze kuti pa zaka zoyamba sadzabwezera cipongwe ciri conse, pakuti nkhonya imodzi ikadatseka khomo kwa onse omtsata. Robinson, amene mwa cibadwa cace sanali munthu wolekerera cipongwe, anabvomera. Analembedwa m'mwezi wa October 1945, natumizidwa ku Montreal, m'dziko la Canada, timu ya pamwamba m'nazale ya Brooklyn. M'caka ca 1946 anyamata ena awiri akuda, Roy Campanella ndi Don Newcombe, anatumizidwa ku Nashua, mudzi wa ku New Hampshire, ndipo anthu a pamenepo anawalandira. Pa 15 April 1947 Robinson anabvala malaya a Brooklyn Dodgers, nalowa pa bwalo la ligi yaikuru. Cingwe comweco cimene Landis anadana naco ndico cinapatsa Rickey mphamvu yakulamula matimu ang'ono kuti alandire munthu wakuda.

Koma ngakhale pa nchito yabwinoyi panali olira. Rickey sanalipire kanthu kwa Kansas City Monarchs potenga Robinson, kapena kwa Newark Eagles potenga Newcombe, ponena kuti maligi a anthu akuda analibe mapangano olembedwa bwino. Effa Manley, mai amene anali kuyendetsa Newark Eagles, anadandaula poyera. Ndipo Bill Veeck wa ku Cleveland, potenga Larry Doby ku timu yomweyo m'caka ca 1947, analipira. Oonerera akuda anayamba kutsata ana ao ku mabwalo a maligi akuru, mabwalo ao ao natsala opanda anthu, kotero kuti Negro National League inatha pambuyo pa nyengo ya 1948. Akuru ananena kuti walira mvula walira matope. Ufulu unafikadi, koma matimu amene analera osewerawo m'zaka za tsankho ndiwo anasenza mtengo wace.

Kuuma kwa nazale

M'caka ca 1949 maligi ang'ono anafika pacimace: analipo 59, a matimu 448, ndipo olowa pa makomo ao anali pafupifupi mamiliyoni 40. Patapita zaka 10 anatsala maligi 21 okha. Cacikuru cimene cinawapha ndi wailesi ndi wailesi ya kanema, pakuti munthu wa m'mudzi waung'ono anayamba kumva ndi kuona osewera opambana a dziko lonse ali khale m'nyumba mwace, osalipira kanthu. Magalimoto ndi miseu yabwino zinapatsa anthu kwina kopita madzulo. Ndiponso matimu akuru anayamba kusamukira m'mizinda imene kale inali ya maligi ang'ono: ku Milwaukee m'caka ca 1953, ku Baltimore 1954, ku Kansas City 1955, ndipo m'caka ca 1958 Dodgers yomwe inacoka ku Brooklyn kumka ku Los Angeles. Matimu akuru, poona kuti nazale zikudya ndalama, anayamba kuzicepetsa. Ndipo mudzi umene unazolowera kudyetsedwa unapezeka kuti waiwala kudzidyetsa.

Rickey anaona zonsezi ndi maso ace. Anacoka ku Brooklyn m'caka ca 1950, atagulitsa gawo lace pa madola oposa miliyoni imodzi, Walter O'Malley natenga ulamuliro. Anatsogolera Pittsburgh Pirates kufikira 1955. Timuyo inali kugonja caka ndi caka, koma anaisiyira anyamata monga Roberto Clemente, amene anaithandiza kupambana World Series m'caka ca 1960. Ali ndi zaka 77 anabvomera kutsogolera ligi yaikuru yacitatu, Continental League, imene inalengezedwa m'caka ca 1959 kuti mizinda yomanidwa ipeze matimu. Ligiyo inatha m'caka ca 1960 isanasewere ngakhale kamodzi, koma inaopsa maligi akale awiriwo kufikira anabvomera kuonjezera matimu ao m'zaka za 1961 ndi 1962.

M'caka ca 1963 maligi ang'ono anakonzedwanso. Magulu a B, C ndi D anafafanizidwa, otsala onse nasanjidwa m'magulu a AAA, AA, A ndi la oyamba kumene. Ndipo matimu akuru anabvomera kusenza gawo lalikuru la malipiro a osewera a pansi. Potero nzeru imene Rickey anaiyamba monga njira ya timu imodzi yosauka inasanduka lamulo la onse. Imfa ya maligi inaleka, koma kuyambira pamenepo timu ya m'mudzi inali kukhala ndi moyo pokhapokha ngati timu yaikuru yaifuna.

Imfa yace, ndi zimene zinatsata

Zaka zace zotsiriza zinali ndi zisoni. Mwana wace wamwamuna mmodzi yekhayo, amene anagwira naye nchito nthawi yaitali, anamwalira m'caka ca 1961. Anabwerera ku Cardinals monga mlangizi kuyambira 1962 kufikira 1964, koma acinyamata a m'ofesi sanakondwere ndi uphungu wa nkhalamba. Pa 13 November 1965, ngakhale mtima wace unali wodwala, anapita ku Columbia, m'cigawo ca Missouri, kukalandira ulemu. Alikulankhula pamaso pa anthu za kulimba mtima, nati ayambe kusimba nkhani ya m'Baibulo, anagwa pansi, ndipo sanatsitsimukenso. Anamwalira pa 9 December 1965, atatsala masiku 11 kuti akwanitse zaka 84. Jackie Robinson anali pakati pa olira maliro ace. Anaikidwa kwao ku Ohio, ndipo m'caka ca 1967 dzina lace linalembedwa m'nyumba yokumbukira akuru a baseball ku Cooperstown.

Patapita zaka 55 cingwe cija cinakokedwanso. M'caka ca 2020 masewera a maligi ang'ono sanacitike cifukwa ca mliri wa COVID-19, ndipo m'caka comweco pangano la pakati pa akuru ndi ang'ono linatha. Eni matimu akuru 30 anatenga ulamuliro wonse m'manja mwao, nacepetsa matimu a m'nazale kucokera pa 160 kufika pa 120, anai kwa timu yaikuru iri yonse. Zifukwa zimene anapereka zinali zomveka: mabwalo abwino, maulendo afupi, ndi malipiro okwera kwa osewera otsala. Ndipo zina mwa izi zinacitikadi, makamaka osewerawo atapanga bungwe lao m'caka ca 2022 ndi kupangana za malipiro m'caka ca 2023. Koma midzi ngati 40 inadulidwa. New York-Penn League, imene inayamba m'caka ca 1939, inatha. Appalachian League ya m'midzi ya kumapiri monga Bluefield ndi Pulaski inasanduka ligi ya ophunzira a m'makoleji osewera pa nthawi ya chuti. Timu ya ku Lowell inaleka kusewera. Mmodzi wa amene maudindo ao anatha pa kukonzanso kumeneku anali mdzukulu wa Rickey, wa dzina lomwelo, amene anali mtsogoleri wa Pacific Coast League.

Pakati pa midzi yodulidwayo panali Clinton, m'cigawo ca Iowa, kumene timu ndi ya anthu a m'mudzimo, ogawana umwini wace. Iwowa atatayidwa sanatseke bwalo. Analowa m'ligi ina ya ophunzira m'caka ca 2021, ndipo masewera anapitirira. Osewera sanali a luso lofanana ndi akale, koma ana a pamenepo anali ndi kopita madzulo.

Pa zinthu ziwiri matimu a mpira a ku Nyimba ndi ku Petauke ali ndi mwai umene a ku America alibe. Mu baseball timu yaing'ono ingapambane zaka 10 zotsatana, koma siingakwere. M'mpira wa ku Zambia timu yopambana m'ligi ya cigawo iri ndi njira yokwerera kufikira pamwamba peni peni. Ndiponso malamulo a FIFA alamula kuti wosewera akagulitsidwa kucokera ku dziko lina kumka ku lina, magawo 5 mwa 100 a mtengo wace agawidwe kwa matimu amene anamlera kuyambira zaka 12 kufikira 23. Ulendo wotere si loto kwa mwana wa kum'mawa, pakuti Fashion Sakala wa ku Chipata anadzera ku Nchanga Rangers ndi Zanaco, nafika ku Rangers ya ku Scotland m'caka ca 2021. Koma gawolo lifika kwa timu yokhayo imene inalembetsa mnyamatayo m'mabuku a bungwe la mpira ndi kusunga makalata ace. Timu yolera mwana popanda colembedwa idzayankhidwa monga anayankhidwa a Kansas City Monarchs.

Branch Rickey anasunga lonjezo la kwa amai ace, ndipo anakumbukira misozi ya Charles Thomas zaka 40 kufikira anapeza mphamvu yakucitapo kanthu. Pa ici ayenera ulemu, ndipo anthu akuda a ku America anampatsa. Koma mtima umene unamva cisoni ndi munthu mmodzi wokanidwa pa hotela sunamve cimodzimodzi za mnyamata wosungidwa m'nazale pa malipiro ocepa, kapena za mudzi wolandidwa wosewera pakati pa caka. Iye anali kuyang'ana kucokera ku munda waukuru, kumene nazale iyesedwa yabwino monga mwa mbande zimene ipereka. Anthu okhala pa nazalepo ayenera kudziyang'anira okha: kulandira thandizo la olemera likadza, koma kusunga bwalo, dzina la timu ndi mabuku ace m'manja mwa eni mudzi, kuti tsiku limene wothandizayo adzatembenuka, Loweruka madzulo mfuu idzamvekebe.